Kodi kafukufuku wa heat pump ndi weniweni?

Achimwene, mwafunsa ngati heat pump imene akukutsatsani kuti ilowe m'malo mwa giza kwanu ku Mufakose ili ndi kafukufuku kumbuyo kwake, kapena ndi pakamwa chabe pa amalonda. Kafukufuku alipo ndithu, ndipo ndi wakale. Bungwe la International Energy Agency, lomwe likulu lake lili ku Paris, lili ndi pulogalamu ya mgwirizano wa mayiko pa makina amenewa kuyambira 1978. Mayiko monga Sweden, Japan, Germany ndi America amagawana zimene akatswiri awo apeza, ndipo ofesi yofalitsa zotsatirazo ili ku Sweden.

Makinawa amagwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa. Satentha madzi ndi waya ngati giza. Amakoka kutentha mu mpweya wa panja n'kukulowetsa m'thanki. Pa yuniti imodzi ya magetsi mumapeza kutentha kwa mayuniti atatu kapena anayi. Kuzizira kwa mu Juni kuno ku Harare sikungawalepheretse, popeza amagwira ntchito ngakhale ku Norway.

Chimene ine ndimachilimbikira kwambiri ndi gasi wa mkati mwake. Mu 2016 mayiko anagwirizana ku Kigali kuchepetsa gasi wa HFC, amene amaikidwa m'mafiriji ndi m'makina ngati awa, chifukwa amawonjezera kutentha kwa dziko. Afunseni ogulitsawo kuti muli gasi wanji, komanso ngati alipo mmisiri kuno wodziwa kukonza. Musagule asanakuyankheni zimenezo.

Magetsi akazima heat pump nayo imaima, choncho ngati muli ndi sola muziiyatsa masana, madzi otentha azikudikirani m'thanki.