Yankho kwa achimwene pa za chiyambi cha golide wa ku Joni

Achimwene, ndamva funso lomwe mwafunsa pagulu pano, lakuti kodi kukumba golide ku Joni kunayambira ku Johannesburg komwe agogo ankagwira ntchito. Yankho ndi lakuti ayi, chifukwa anthu anayamba akhamukira kaye kumapiri a kum'mawa, m'chigawo chomwe lero ndi Mpumalanga, dera la zigwembe ndi nkhungu yochindikala ngati ya kuno ku Mulanje nthawi ya chiperoni.

Mu 1873 Alec Patterson, yemwe ankanyamula katundu wake yense pa wilibala, anapeza golide mu kamtsinje ka pamalo omwe anadzatchedwa Pilgrim's Rest. Golideyo anali wa mumchenga. Munthu ankatapa dothi la mumtsinje ndi fosholo, n'kulithira m'beseni lachitsulo, kenako ankalizunguza m'madzi mpaka mchenga wonse utakokoloka, ndipo golide, poti ndi wolemera, ankatsalira pansi. Ntchito yotere ngakhale mmphawi ankaitha, n'chifukwa chake anthu anadzaza chigwa chonsecho ndi mahema. Chovuta chinali mayendedwe, pakuti njira yopita kudoko la Delagoa Bay, komwe pano ndi Maputo, inkadutsa m'chigwa chotentha momwe malungo ankapha anthu, kashembe n'kumapha ng'ombe zokoka ngolo.

Pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi apa. Golide wa mumchenga sanachedwe kutha, ndipo wotsalayo anali m'kati mwa thanthwe, wofunika kuboola phiri ndi kuphwanya miyala ndi makina. Izi wa fosholo sakanazikwanitsa. Mu 1881 boma la Transvaal, lomwe linkalamulira deralo, linapereka chilolezo cha malowo kwa munthu wina wachuma, David Benjamin, ndipo pambuyo pake makampani anaphatikizana n'kupanga Transvaal Gold Mining Estates, yomwe mu 1911 inatsegula malo ake opangira magetsi pa mtsinje wa Blyde. Mwa kuona kwanga, kuyambira pamenepo golide anakhala wa eni ndalama, enawo n'kusanduka aganyu. Mgodi womaliza wa kampaniyo kumeneko unatsekedwa mu 1972.

Ku Barberton golide anapezeka mu 1884, ndipo ku Witwatersrand, komwe kunabadwira Johannesburg, mu 1886. Ku Witwatersrand ndi komwe Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za kumigodi, inkatengera agogo ndi anzawo, ndipo iwo ankatsikira pansi pa nthaka m'chikepe, malipiro awo ali a pa kontirakiti. Kamuzu anaimitsa maulendo amenewa mu 1974, ndege yobweretsa Amalawi kuchokera kumigodi itagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana.