Mpingo kapena chikhulupiriro: tilembe liti pa nkhani ya a Romney?

FUNSO: Ndine mphunzitsi ndipo ndikukonza mtsutso wa ana a Fomu 4 pa nkhani ya ndale ndi zauzimu. Chitsanzo changa ndi a Mitt Romney, munthu wandale wa ku America. Mutu ndaulemba chonchi: "Kodi mpingo wa Mmormoni ungaumbe bwanji utsogoleri wa dziko?" Anzanga akuti sukumveka. Ndalakwitsa pati?

YANKHO: Aphunzitsi, anzanuwo ali ndi khutu labwino. Vuto lalikulu lili pa mawu oti mpingo.

Mpingo ndi gulu la anthu, lokhala ndi akuluakulu ake, malamulo ake ndi likulu lake. Wa a Romneywu likulu lake lili ku Salt Lake City m'chigawo cha Utah, ndipo anauyambitsa a Joseph Smith mu 1830. Chikhulupiriro ndi cha mumtima mwa munthu payekha. Mukalemba kuti mpingo ndiwo ukuyendetsa mtsogoleri, Mchewa amva kuti akuluakulu a ku Utah ndiwo agwira chiwongolero, mtsogoleriyo wangokhala chidole. Pamenepo mwayamba kale kumuzenga mlandu ana asanatsegule pakamwa.

A Romney eni ake ankasiyanitsa ziwirizi. Mu Disembala 2007, akufunafuna mwayi woimira chipani cha Republican pa chisankho cha pulezidenti, analankhula ku Texas n'kulonjeza kuti akuluakulu a mpingo wawo sadzalowerera pa zigamulo za pulezidenti. Apo ankakana ulamuliro wa mpingo pa boma. Koma pa 5 Febuluwale 2020, ali senata (phungu wa nyumba ya malamulo) wa Utah, anavota kuti Pulezidenti Donald Trump ndi olakwa pa mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwika, iwo okha m'chipani chawo, ndipo chifukwa chimene anapereka chinali lumbiro lomwe anachita pamaso pa Mulungu. Apo chinalankhula ndi chikhulupiriro. Ana anu akafuna umboni wina, awuzeni za a Harry Reid a ku Nevada: mpingo womwewo, koma a chipani cha Democratic, ndipo anatsogolera maseneta a chipani chawo mu 2012 pomwe ankalimbana kwambiri ndi a Romney.

Chipembedzo musachivutitse pano. Chimanena za mtundu wonse wa kapembedzedwe, monga Chikhristu kapena Chisilamu.

Tsono "Mmormoni". Ndikuona kumene mwachokera: Mkatolika, Akatolika, Msilamu, Asilamu. Lamulo mwalitsata bwino, koma yesani kutchula mokweza. Lilime likukana, ndipo pa pepala ma m awiriwo akuoneka ngati cholembera chinaterereka. Nenani "munthu wa mpingo wa Mormon", basi. Dziwaninso kuti mu 2018 mtsogoleri wawo, a Russell M. Nelson, anapempha anthu kuti asiye dzina la Mormon n'kumatchula dzina lonse, lomwe m'Chichewa tinganene kuti Mpingo wa Yesu Khristu wa Oyera Mtima a Masiku Otsiriza. Ine ndimalemba lonselo kamodzi koyambirira, kenako ndimangoti "mpingowu".

Kuumba timaumba mbiya ndi njerwa. Mlaliki akhoza kunena kuti Mulungu amaumba mtima wa munthu, tonse n'kuvomera. Koma "kuumba utsogoleri" kukununkha Chingerezi. Gwiritsani ntchito kukhudza, kapena kuwongolera ngati mukufuna mawu amphamvu.

Kamsampha kena kakudikirani ana akayamba kufufuza. Adzapeza kuti a Romney anali bishopu kufupi ndi Boston m'zaka za m'ma 1980. Kwathu kuno bishopu ndi munthu wa ndodo ndi chisoti, woyang'anira dayosizi yonse. Kumpingo uko bishopu amayang'anira tchalitchi chimodzi, salandira malipiro, ndipo Lolemba amapita ku ntchito yake ngati wina aliyense. Akatchula mawuwa, afotokoze kuti ali ngati mkulu wa mpingo.

Chatsala ndi kachidutswa ka -nga- mu "ungaumbe". Kameneka n'ka zinthu zomwe zikhoza kuchitikabe. A Romney anagonja kwa a Barack Obama mu 2012 ndipo sanakhalepo pulezidenti, choncho mukufunika -kana- kapena -kada-. Pa bolodi lembani kuti: "A Romney akanapambana, kodi chikhulupiriro chawo chikanakhudza bwanji kayendetsedwe ka dziko la America?"