Mwana wanga amangobwereza funso limodzimodzi

FUNSO: Adokotala, mwana wanga wamwamuna wa zaka 7 anamupeza ndi Fragile X atamuyeza magazi. Tsiku lonse amangoti "adadi abwera liti?" ngakhale ndangomuyankha kumene, akasangalala amakupiza manja ngati mbalame, akakhumudwa amadziluma padzanja mpaka khungu lauma gwa. Ndizimuletsa? Ndatopa ine.
Mayi wodandaula

YANKHO: Pepani mayi, kutopako n'komveka. Koma mwanayu sakuchita mwano ayi. Fragile X ndi vuto lobadwa nalo lokhudza ubongo, imabwera chifukwa cha jini (kachidutswa ka chibadwa komwe timatengera kwa makolo) yotchedwa FMR1, yomwe akatswiri anaitulukira mu 1991, ili pa chromosome X (kamtolo kosunga majini m'thupi mwathu). Kachidutswa kake kakadzibwereza kopitirira ka 200 jiniyo imasiya kupanga puloteni yomwe ubongo umafuna. Anyamata amakhudzidwa kwambiri poti ali ndi X imodzi yokha, pomwe atsikana ali ndi ziwiri.

Ana ambiri otere amakhala ndi nkhawa yaikulu, phokoso, anthu ambiri, kusintha kwa pulogalamu mwadzidzidzi, ngakhale kuwayang'ana m'maso kumene, zonsezi zimawasokoneza. Ndiye funso lija nthawi zambiri sikuti akufuna yankho latsopano, yankho akulidziwa kale, akungofuna amve kuti zinthu zikadali momwe zinaliri. Yankhani mwachidule, mawu omwewo nthawi zonse, kenako jambulani papepala zochitika za tsikulo, kudzuka, sukulu, kubwera kwa adadi, kugona, mumate pakhoma ndiye akafunsanso mungomulozera kapena mumufunse iyeyo kuti "ukuganiza abwera liti?" Zimatenga nthawi, musayembekezere kusintha sabata imodzi.

Za kukupiza manjazo ine ndingoti musiyeni. Sizikupweteka munthu, ndi njira yake yodzikhazika mtima pansi, ndipo kunena zoona amene zimawavuta ndi anthu oonerera osati iyeyo.

Kudziluma ndiye kofunika kukuganizira. Kwa masiku angapo muzilemba zomwe zachitika asanadzilume, mudzaona kuti pali chomwe chimayambitsa. Mukaona zikuyamba muchotseni paphokoso, mupatseni chinthu cholimba chotafuna chomwe sangameze. Kumukalipira kapena kumumenya kumangoonjezera nkhawa ija. Ngati akutuluka magazi, kapena wayamba mwadzidzidzi, pitani naye kuchipatala amuone m'makutu, ana amenewa makutu amawavuta pafupipafupi ndipo ululu sangathe kuufotokoza.

Chinanso, mwana wamwamuna X wake amatenga kwa mayi, choncho inuyo ndi azichemwali anu mungachite bwino kukambirana ndi adokotala zoyezetsa, makamaka ngati mukufuna kuberekanso.