Hatchi ikamachucha dovu ndi kutsokomola, musathamangire botolo

Mlimi wina wafunsa kuti: "Hatchi yanga imadya bwinobwino madzulo, mwadzidzidzi yasiya n'kuyamba kutsokomola. Ikutambasula khosi, dovu likuchucha, ndipo m'mphuno mukutuluka zamadzimadzi zosakanikirana ndi chakudya. Mnzanga akuti ndiimwetse mafuta ophikira kuti zitsetsereke. Nditero?"

Bambo, mafutawo abwezereni kukhitchini. Hatchi yanuyo yatsamwa. Chakudya chaima m'njira yopita m'mimba, njira yomwe pa hatchi yaikulu imatalika kupitirira mita imodzi ndipo imatsikira chakumanzere kwa khosi. Mukasisita pang'onopang'ono mbali imeneyo, nthawi zina mumamva chotupa cholimba pomwe chakudyacho chaima. Kutsamwa kwa hatchi n'kosiyana ndi kwa munthu. Njira ya mpweya imakhala yotseguka, ndiye ikupuma ndithu, siingagwe n'kufa pompo. Chovuta n'chakuti malovu sasiya kupangika. Hatchi imatha kupanga malovu opitirira malita 30 pa tsiku, ndipo akasowa kolowera amabwerera, ena kukamwa, ambiri m'mphuno. Ikutsokomola chifukwa ena akuphonya njira n'kulowera ku mapapo.

Ngozi yagona pamenepo. Chilichonse chomwe mungathire m'kamwa mwa hatchi yotsamwa sichifika m'mimba, chifukwa njira ndi yotseka. Chikatsikira m'mapapo, ndipo mafuta ndiye oipitsitsa chifukwa thupi limavutika kuwachotsamo. Ndinaitanidwapo kukaona hatchi yomwe mwini wake anaikweza mutu ndi chingwe n'kuitsanulira botolo lonse. Kutsamwako kunatha usiku womwewo, mwini wake n'kumanyadira kuti mankhwala agwira. Tsiku lachitatu ndinaipeza itazyolika, thupi lili moto, mpweya wotuluka m'mphuno ukununkha zowola. Chinali chibayo, ndipo sitinaipulumutse.

Chotsani chakudya chonse ndi madzi omwe, ngakhale udzu woyala m'khola ngati ikuutola. Isiyeni iime phee, mutu uli pansi, kuti zotulukazo zigwere pansi. Nthawi zambiri kutsamwa kumatha kokha. Koma pakadutsa mphindi 30 zinthu zisakusintha, itanani dokotala wa ziweto. Iye amaibaya jakisoni woifooketsa kuti mutu utsike ndi minofu imasuke, kenako amalowetsa paipi yofewa kudzera m'mphuno n'kumatsuka chakudyacho ndi madzi pang'onopang'ono. Paipiyo musayese kulowetsa nokha. Kutsamwako kukatha, masiku atatu otsatira muziyeza kutentha kwa thupi m'mawa ndi madzulo, ndipo muziipatsa chakudya chonyowetsa.

Chimatsamwitsa kawirikawiri ndi chakudya chouma cha timibulu kapena madeya ouma omwe hatchi yanjala yameza mwaphuma, zidutswa zikuluzikulu za karoti, komanso mano oipa. Hatchi yosusuka iikireni miyala ikuluikulu yosalala m'chodyera, yoti singameze, izidya mozungulira miyalayo.

Mayi wina akuti yake siinatsamwe, koma dovu silikutha, ikuonda, ndipo pansi pa chodyera amapezapo timipira ta udzu wotafunatafuna.

Mayi, timipira timeneto tanena kale: vuto ndi mano. Mano otafunira a hatchi amatulukabe pafupifupi moyo wake wonse, mamilimita 2 kapena 3 pa chaka, n'kumaperesedwa ndi kutafuna. Poti nsagwada ya m'mwamba ndi yotambalala kuposa ya m'munsi, saperepeseka mofanana. Am'mwamba amasongoka chakunja n'kumacheka tsaya, am'munsi amasongoka chamkati n'kumacheka lilime. Dokotala amawapala ndi tupa yake, ndipo kamodzi pa chaka n'kokwanira kwa mahatchi ambiri. Aonenso ngati kamtengo, waya kapena minga ya udzu sizinakakamire m'kamwa, ndipo inu muone ngati chitsulo cha m'kamwa chowongolera sichikuitupula m'mbali mwa milomo.

Pano ndichenjeze mwamphamvu, ngakhale palibe wafunsa. Musamapise dzanja lopanda magolovesi m'kamwa mwa hatchi yochucha dovu. Chiwewe chimagwiranso mahatchi, ndipo chimatha kuyamba ngati kutsamwa kumene: dovu, kulephera kumeza. Ngati hatchiyo yasintha khalidwe, ikudzandira, ikudziluma, kapena inalumidwapo ndi galu m'miyezi yapitayi, itsekereni, ana asayandikire, ndipo dziwitsani a zaziweto tsiku lomwelo. Malovu ake akakukhudzani pa bala, tsukani ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kupita kuchipatala. Chiwewe chikaonekera pa munthu sichichizika.

Lilipo dovu lina longoopsa m'maso. Hatchi ikadya zomera za mtundu wa clover zomwe masamba ake agwidwa nkhungu ya mawanga akuda, imachucha dovu mpaka pansi kuchita chithaphwi, koma ikudya, ikumwa, thupi silikutentha. Ichotseni pa msipu umenewo, ipatseni madzi ambiri, masiku awiri kapena atatu zatha. Dovu lobwera itangopoperedwa mankhwala ophera nkhupakupa, limodzi ndi kunjenjemera ndi kutsegula m'mimba, ilo ndi la poizoni, ndipo dokotala afike msanga.

Funso lachitatu: "Mahatchi anga awiri akutsokomola mwezi wachiwiri tsopano. Akudya, sakutentha thupi. Amadya msipu umodzi ndi abulu, koma abuluwo ali bwinobwino."

Abulu ali bwinobwinowo ndiwo ndikuwakayikira. Bulu amatha kusunga nyongolotsi za m'mapapo osaonetsa chizindikiro, n'kumazimwaza pa msipu kudzera mu ndowe. Zikalowa mwa hatchi, chifuwa sichitha. Kuyeza ndowe za hatchi nthawi zambiri sikuonetsa kanthu chifukwa nyongolotsizo sizikhwima mwa iyo, ndiye yezetsani za abulu. Mankhwala a ivermectin amazipha, koma mumwetse onse, abulu ndi mahatchi, apo ayi mungotaya ndalama. Zikapanda kusintha, nunkhizani udzu wouma womwe mukuwapatsa. Wafumbi kapena wachuku umayambitsa mphumu: hatchi imachita kukankha ndi mimba potulutsa mpweya, mpaka m'mbali mwa mimba mumaoneka mzere wa mnofu. Udzu wachuku utayeni, wafumbi muziuviika m'madzi musanapereke, ndipo hatchiyo izikhala panja nthawi yambiri.

Mwaona kuti ndakhala ndikubwereza za kutentha thupi. Aliyense woweta hatchi akhale ndi choyezera. Mumachilowetsa kotulukira ndowe, mutaima chammbali, osati kumbuyo kwenikweni. Hatchi yaikulu yathanzi imakhala pa madigiri 37.5 mpaka 38.5, ndipo ikaima imapuma ka 8 mpaka 16 pa mphindi. Zikapitirira pamenepo, ganizirani matenda opatsirana, ndipo yodwalayo ipatuleni, ikhale ndi ndowa yakeyake.

Chifuwa chouma chogwira khola lonse m'masiku ochepa, kutentha kukufika madigiri 41, kawirikawiri ndi chimfine cha mahatchi. Chimafuna mpumulo: sabata imodzi pa tsiku lililonse lomwe inatentha thupi. Eni ambiri amalephera apa, amaikwera ikangoyamba kudya, chifuwa n'kukhazikika. Mukaona mamina okhuthara achikasu ndi anabere otupa pansi pa nsagwada, hatchi ikumeza movutika, amenewo ndi matenda omwe madokotala amati strangles. Anaberewo amaphulika n'kutuluka mafinya, ndipo mafinyawo amayenda ndi manja anu, zingwe ndi zomwera. Zizindikiro zimaoneka pakadutsa masiku 3 mpaka 14 chitengereni, ndipo hatchi yochira imatha kusungabe tizilomboto miyezi yambiri. N'chifukwa chake yogula kumene iyenera kukhala payokha sabata zitatu.

Oopsa kuposa onse ndi African horse sickness, omwe amafalitsidwa ndi tizilombo touluka tating'ono kuposa udzudzu, toluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakucha, makamaka mvula ikagwa nyengo yotentha. Hatchi imatentha thupi, timaenje ta pamwamba pa maso timadzadza n'kutupa, imaima itatangadza miyendo ikupuma mobanika, kenako thovu limatuluka m'mphuno. Akagwira mapapo, mahatchi oposa 9 pa 10 alionse amafa, ndipo mankhwala ochiza palibe. Thovu limeneli musalisokoneze ndi la kutsamwa: la kutsamwa limakhala ndi zidutswa za chakudya ndipo limayamba hatchi ili pa chodyera, thupi lisanatenthe. Chitetezo ndi katemera wa chaka ndi chaka nyengo ya tizilomboti isanafike, ndi kutsekera mahatchi m'khola dzuwa lisanalowe mpaka litatuluka bwino. Mukangokayikira matendawa, dziwitsani a zaziweto, ndipo hatchi ina iliyonse ya pamalopo isasamutsidwe.