Kodi Kuphunzira za Anthu Otchuka ndi Sukulu Kapena Miseche?

Imelo iyi inafika usiku, ndipo ndinaiwerenga katatu ndisanagone. Mtsikana wina wa chaka chomaliza kuyunivesite akufuna kulemba kafukufuku wake pa woimba wina wotchuka ndi anthu amene amamutsatira pa TikTok. Bambo ake akuti sanavutike ndi fizi kuti mwana wawo akaphunzire miseche. Mphunzitsi womuyang'anira sanakane, anangoseka. Ndiye akufunsa kuti, ndisinthe mutu?

Achemwali, kaseko kameneko ndimakadziwa. Sikamveka patali, kamatulukira m'mphuno, mwini wake maso ali papepala lanu.

Ine mutu wanga unali wa wailesi. Azakhali anga anali ndi muulutsi wawo wapamtima, bambo wina amene ankawerenga moni wa omvera madzulo. Nkhope yake sanaionepo. Koma akamva kuti mawu ake asasa, ankadandaula kuti bamboyu sakudzisamala, mkazi wake ali kuti? Tsiku limene analengeza kuti wamwalira, azakhali anakhala pakhonde tsiku lonse osayankhula ndi munthu. Madzulo ndinawamva akuuza mnzawo kuti, "Tasiyidwa." Anthu anawaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mawu aja anandikhala. Nditafika chaka chomaliza ndinati ndifufuze zimenezi: munthu amalira bwanji maliro a munthu amene sankamudziwa n'komwe? Ndinagula kope, ndinayamba kulemba mmene omvera ankatchulira aulutsi poimba foni. Ena ankati achimwene, ena bambo, agogo ena ankangoti mwanangu. Masamba anadzaza.

Tsiku lofotokoza mitu yathu, mphunzitsi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye mukufuna digiri yomvera wailesi?" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Sabata yomweyo ndinasintha. Ndinalemba za ndondomeko ina ya boma, ndinakhoza bwino, ndipo lero mutandifunsa zimene ndinapeza ndingakunamizeni.

Chimene chinandipweteka chinabwera patapita zaka. Ndinapeza kuti zimene azakhali ankachita zinapatsidwa dzina kale mu 1956. Akatswiri awiri a ku America, Donald Horton ndi Richard Wohl, analemba za ubale umene omvera ndi oonera amakhala nawo ndi anthu a pa wailesi ndi pa TV, ndipo anautcha parasocial interaction. Ndi ubale woyenda mbali imodzi: iwe ukumudziwa, kaseka kake ukukadziwa, iye sakudziwa ngakhale zoti unabadwa. Iwo anaonanso kuti zimenezi sizichitika mwangozi. Muulutsi amayankhula ngati ali nawe pabalaza, amakutchula bwenzi, amabwera nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse. Ndi luso la ntchito yake. Tsono mphunzitsi wanga uja ankaseka chinthu chimene anzake anali atachilemba iye asanayambe n'komwe kuphunzitsa. Sankadziwa, ndipo ine ndinalibe dzina ngakhale limodzi loti ndimuyankhe nalo.

Inuyo musapite chimanjamanja ngati ine. Mu 1964 Richard Hoggart anakhazikitsa Centre for Contemporary Cultural Studies pa yunivesite ya Birmingham ku England, kuti zimene anthu wamba amawerenga, kuonera ndi kuvala zifufuzidwe mofanana ndi mabuku a ophunzira. Amene anadzatsogolera pambuyo pake anali Stuart Hall, wobadwira ku Jamaica. Mu 1973 iye anafotokoza kuti wopanga pulogalamu amaikamo tanthauzo lake, koma woonera akhoza kulilandira lonse, kulandira zina n'kukana zina, kapena kulitembenuza kotheratu. Ku Ohio, ku America, Ray Browne anayambitsa magazini ya akatswiri yotchedwa Journal of Popular Culture mu 1967, ndipo yunivesite ya Bowling Green inadzakhala ndi dipatimenti yonse ya zimenezi. Kuyambira 2010 pali magazini ina ya akatswiri, Celebrity Studies, yongolemba za anthu otchuka basi. Mu 2024 yunivesite ya Harvard ku America inaphunzitsa kosi ya woimba wotchuka Taylor Swift. Izi za Harvard sindizitenga ngati umboni waukulu, koma kwa aphunzitsi ena dzina lokhalo limagwira ntchito kuposa mfundo khumi.

Apa ndipatuke pang'ono, chifukwa pali china chimandinyansa. Anthu amene amanyoza maphunzirowa ndi omwewo amene amadziwa kuti woimba uje wasiyana ndi ndani. Amavotera wandale chifukwa choyankhula mokoma pa TV, amagula sopo chifukwa nkhope ya wosewera mpira ili pachikwangwani, amatumiza ndalama kwa mlaliki amene amangomuona pafoni. Akatero amati zimenezi si zofufuza. Ngakhale Theodor Adorno ndi Max Horkheimer, amene m'zaka za m'ma 1940 ankati mafilimu ndi nyimbo za pa wailesi ndi katundu wa mufakitale wogonetsa anthu tulo, sanaseke. Zinawaopsa moti anakhala pansi n'kulemba. Mnzawo Leo Lowenthal anachita kuwerenga mbiri za anthu zimene magazini otchuka a ku America ankasindikiza kuyambira 1901 mpaka 1941. Anapeza kuti poyamba ankalemba kwambiri za andale ndi eni mabizinesi, koma pofika kumapeto malo ambiri anali atatengedwa ndi azisudzo ndi amasewera. Dziko linali litasintha anthu oti ana azisirira. Ngati imeneyo ndi miseche, ndiye ndi miseche yofunika digiri.

Kwathu ku Africa kuno vutoli lili ndi kamtundu kake. Karin Barber anadandaula mu 1987 kuti akatswiri amathamangira zinthu ziwiri: za makolo, kapena za ophunzira apamwamba. Zapakati, monga nyimbo za m'tauni, zisudzo zoyendayenda, timabuku totsika mtengo ndi mawu olembedwa pamagalimoto, zinkangodutsidwa, chonsecho ndi zimene anthu ambiri amakhala nazo tsiku ndi tsiku. Gule wamakolo mukamulemba onse amagwedeza mutu. Gule wa pa TikTok, kaseko kaja.

Koma ndisakunamizeni, achemwali, bambo anu sakulakwa zonse. Ndawerengapo kafukufuku wambiri wa ophunzira pa anthu otchuka, ndipo wochuluka ndi kalata yachikondi yovala jekete. Anabadwa chaka chakuti, anavutika, anatulutsa chimbale, ndi chitsanzo kwa achinyamata. Masamba 60 a zimenezi! Wolemba wake ndi sapota, ndipo sapota safunsa mafunso opweteka. Pamenepa sindinyengerera: ngati simungathe kulemba chiganizo chimene woimba wanuyo angakhumudwe nacho, musiyeni, sankhani amene simumukonda. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 Daniel Boorstin ananena kuti wotchuka ndi munthu amene amadziwika chifukwa chodziwika. Ankanyoza, koma anasonyeza pofunika kuyang'ana: kudziwikako kumapangidwa. Richard Dyer mu 1979 anapitiriza kuti chimene timachitcha nyenyezi ya mafilimu ndi chithunzi chomangidwa ndi mafilimuwo, otsatsa malonda, atolankhani ndi zokamba za anthu. Munthu weniweniyo simudzamufika, ndipo si ntchito yanu. Ntchito yanu ndi chithunzicho: wachimanga ndani, amadyerapo ndani, ndipo amene amachikonda akuchita nacho chiyani pamoyo wawo.

Azakhali anga sankalira bambo uja. Izi ndazimvetsa mochedwa. Amuna awo anali atapita kukagwira ntchito kutali, ana atabalalika, ndipo munthu yekhayo amene sankalephera kubwera madzulo anali wa m'wailesi. Kafukufuku wanga akanakhala wa kusungulumwa kwa amayi osiyidwa pakhomo, wailesi ikanangokhala khomo lolowera. Ndikanadziwa kunena choncho tsiku lija, mwina kalasi ikanakhala chete.

Tsono muchite chiyani

Mutu musasinthe, sinthani funso. "Moyo wa woimba uje" si funso. "Atsikana amene amamutsatira amati chiyani za thupi, ndalama ndi ukwati akamakangana m'makomenti ake" ndi funso. Tengani TikTok yokha, miyezi itatu yokha, ndipo muzijambula zimene mwaona tsiku lomwelo chifukwa anthu amafufuta. Kenako mukhale pansi ndi omutsatira ochepa, kuphatikizapo amene anasiya kumukonda, amenewo ndiye amayankhula zenizeni. Mupemphe chilolezo chawo, mayina awo mubise.

Musaope kuchepa kwa anthu. Ien Ang anaika kachilengezo m'magazini ina ya ku Netherlands kupempha anthu amulembere chifukwa chimene amakondera kapena kudana ndi sewero la pa TV la Dallas. Analandira makalata 42 okha, ndipo buku limene linatuluka pamenepo mu 1982 likuwerengedwabe m'mayunivesite.

Kwa mphunzitsi wanu mupite ndi tsamba limodzi: funso, njira yofufuzira, ndi mayina atatu mwa amene ndatchulawa, koma mutawawerenga ndithu, osati kungokopera pano. Akasekabe, funsani ku dipatimenti ngati n'zotheka kupatsidwa wina. Bambo musakangane nawo. Auzeni kuti mukufufuza mmene makampani amagwiritsira ntchito anthu otchuka kuti afike m'matumba a achinyamata, zomwe ndi zoona, kenako muwafunse woimba amene iwo ankamukonda ali mnyamata, ndi zimene agogo anu ankanena za iye. Mukhale ndi cholembera pafupi.

Kope langa lija lidakalipo, lili m'katoni pamwamba pa kabati, chikuto chinadyedwa ndi mphemvu. Mukafuna kuona mmene ndinkagawira mayina amene omvera ankaitanira muulutsi, ndilembereninso, ndijambula masamba angapo ndikutumizireni.