Yankho kwa amalume pa nkhani ya Windows yokana kutseguka

Amalume, mwaswera bwanji ku Chipatako? Uthenga wanu ndaumvetsera kawiri, ndipo chithunzi chimene mwatumiza m'gulu lino ndachiona. Mwati Lachisanu munalola Ubuntu, mtundu wa Linux umene umayendetsa laputopu yanu, kulandira zatsopano, ndiye kutacha Windows imene mumalembamo maakaunti a sitolo inakana kutseguka mu VirtualBox, pulogalamu imene imaiyendetsa ngati makina oyerekezera mkati mwa Ubuntu, ndipo mnyamata wokonza makompyuta wakuuzani kuti mufufute zonse n'kuyambira poyamba. Chonde musafufute chilichonse. Windows yanu ndi maakaunti onse zili bwinobwino m'foda yotchedwa VirtualBox VMs, ndipo palibe chimene chazikhudza.

Mawu amene ali pachithunzipo, akuti kernel driver not installed pamodzi ndi nambala 1908, akunena okha pamene pali vuto. Kernel ndiye mtima wa Linux, gawo limene limalamulira purosesa ndi memori, ndipo VirtualBox siingafike kumeneko popanda kadalaivala kake kotchedwa vboxdrv. Kadalaivala kameneka kamayenera kumangidwanso nthawi iliyonse kernel ikasintha, monga mmene kiyi wakale sangatsegulire loko watsopano ngakhale chitseko chikhale chomwecho. Lachisanu lija kernel inasintha, koma kadalaivala kanalephera kumangidwa. Ndikukayikira kuti chifukwa chake n'chakuti muli ndi VirtualBox 6.1, imene kampani ya Oracle inasiya kuikonza, pamene kernel yanu yapita patsogolo.

Musanachite kanthu, koperani foda yonse ya VirtualBox VMs pa hadi disiki yakunja, ngakhale zitenge ola lathunthu. Chitani zimenezi batire ya laputopu itadzaza, popeza tonse tikudziwa mmene magetsi amazimira popanda kutsanzika, ndipo fayilo yaikulu ikadukira pakati imakhala yopanda ntchito. Pali chizolowezi chanu china chimene ndinachiona nditabwera nthawi ya Nc'wala, chotseka zenera la Windows n'kusankha save state kuti mawa muyambire pomwe munalekezera. Masiku ena onse zimenezo n'zabwino, koma pokweza VirtualBox zimavuta, chifukwa pulogalamu yatsopano nthawi zina imakana kudzutsa makina amene inzake yakale inawagoneka. Ikatero mudzasankha discard, kutanthauza kutaya pomwe munalekezera paja kuti Windows iyake mwatsopano. Chimene chingatayike ndi ntchito yokhayo imene simunasunge tsiku limenelo.

Tsopano pa kuika yatsopano, apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. VirtualBox imapezeka m'malo awiri. Ilipo imene Ubuntu amasunga m'nkhokwe yake, dzina lake ndi virtualbox basi, ndipo ilipo ya Oracle eni ake, imene dzina lake limakhala ndi nambala kumapeto, monga virtualbox-7.1. Ziwirizi sizikhala nyumba imodzi, ndipo mukaika ina pamwamba pa inzake madalaivala amasakanikirana. Ine ndikadakonda muchotse yakaleyo, mutenge ya Oracle yogwirizana ndi Ubuntu wanu, chifukwa ndiyo imafulumira kutsatira kernel yatsopano. Kuchotsa pulogalamu sikuchotsa foda ya makina anu. Pafunikanso kuika gcc, make ndi linux-headers, zimene ndi zida zomangira kadalaivala kaja, kenako mulembe sudo /sbin/vboxconfig mu terminal, zenera lolembamo malamulo a kompyuta. Malamulo onsewa ndikutumizirani mu uthenga wina kuti muzingokopera, popeza chilembo chimodzi chikalakwika palibe chimene chimayenda. Bandulo isakudetseni nkhawa, pulogalamuyi ndi ya mamegabaiti ongopitirira 100 pang'ono.

Ngati laputopu yanu ili ndi Secure Boot, chitetezo chimene chimalola mapulogalamu osainidwa okha kuyamba kompyuta ikamayaka, ikhoza kukana kadalaivala chifukwa sikanasainidwe ndi kiyi amene iyo ikumudziwa. Pamenepo idzakupemphani pasiwedi yatsopano, ndipo mukaiyatsanso mudzaona sikirini yabuluu yolembedwa MOK. Musadutse msanga ngati mwaona mzukwa. Sankhani Enroll MOK, mulembe pasiwedi ija. Sikiriniyi imangodikira masekondi ochepa, ndipo ine mwini ndinaiphonya kawiri pakompyuta yanga ndisanazindikire ntchito yake.

Windows ikatseguka, ikaninso Guest Additions, madalaivala a VirtualBox othandiza Windows, mkati mwake kuti zenera likule bwino ndi kuti foda yogawana ndi Ubuntu ibwerere. Pulinta ya malisiti ikapanda kuoneka, onetsetsani kuti dzina lanu la mu Ubuntu lili m'gulu la ogwiritsa ntchito lotchedwa vboxusers, mutuluke mu Ubuntu ndi kulowanso. Za Extension Pack, pulogalamu yowonjezera pa VirtualBox, zisiyeni. Kuyambira pa VirtualBox 7.0, imene inatuluka mu 2022, USB 2.0 ndi 3.0 zimagwira popanda iyo, komanso laisensi yake yaulere ndi ya ntchito za munthu payekha, osati za bizinesi ngati sitolo yanu.

Mwafunsanso za Windows 11. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo VirtualBox 7 ikhoza kuyendetsa Windows 11 chifukwa imapanga TPM 2.0 yoyerekezera, kachipangizo ka chitetezo kamene Windowsyo imafuna. Komabe Windows 11 imafuna memori ya 4 GB payokha, ndipo laputopu yanu ili ndi 8 GB yokha yoti igawane ndi Ubuntu. Pakadali pano khalani pa Windows 10, koma muitsekere intaneti m'masetini a makinawo, popeza pulogalamu ya maakaunti siifuna intaneti. Mukamaliza kukopera foda ija mundiimbire madzulo ano, ndikhala nditaweruka pofika 18 koloko, kuti tichotsere limodzi yakaleyo.