Wamphamvu kwambiri, koma kuposa ndani?

Funso: Ine ndi anzanga timakonda makomiki a Marvel ndi DC. Tikukangana za Thanos wa Marvel ndi Darkseid wa DC ndinalemba kuti "Darkseid ndi wamphamvu kwambiri kuposa." Anzanga akuti Chichewa changa n'chothyoka. Ndalakwitsa pati?

Achimwene, anzanuwo akunena zoona. Kuposa ndi mneni ndipo amafuna pamtherankhani: munthu akaposa, waposa wina. Chiganizo chanu chathera panjira chifukwa woposedwayo simunamutchule. Nenani kuti "Darkseid ndi wamphamvu kuposa Thanos." Ngati mukutanthauza kuti palibe womufika, nenani "ndi wamphamvu kuposa onse." Mawu amene angathe kuima okha kumapeto kwa chiganizo ndi koposa: "Darkseid ndi wamphamvu koposa." Kwambiri sayerekeza kanthu, amangokuza. Awiriwa onse ndi amphamvu kwambiri, ndipo kunena zimenezo sikuthetsa mkangano wanu.

Ndiwonjezere china chimene simunafunse, chifukwa ndi pamene mikangano yotereyi imasokonekera. Kutchula woposedwa kokha sikukwanira. Tchulaninso malo ndi chida. Thanos, amene Jim Starlin anamuyambitsa mu 1973, anafika pachimake mu nthano ya 1991 pamene, atasonkhanitsa miyala 6 yamphamvu pa golovesi, anafafaniza theka la zamoyo zonse. Koma mu JLA/Avengers, nthano yophatikiza ngwazi za DC ndi za Marvel, yomwe inayamba kutuluka mu 2003, golovesi yomweyo inafika m'manja mwa Darkseid, iye n'kuitaya atazindikira kuti kwawo ku DC miyalayo sigwira ntchito. Ndiye chiganizo chokwanira ndi ichi: "Thanos atavala golovesi, ali kwawo, amaposa Darkseid." Mukachotsa "atavala golovesi" ndi "ali kwawo", mwayamba nkhani ina.

Funso: Kodi multiverse tinganene kuti "mayiko ambiri"?

Ine sindingavomere. Dziko pa Chichewa limasenza katundu wambiri: Malawi ndi dziko, ndipo dziko lapansi ndi dzikonso. Mukalemba kuti "Galactus amadya mayiko", wowerenga aganiza za mayiko okhala ndi malire ndi mbendera, pamene chimphona chimenechi, chomwe Stan Lee ndi Jack Kirby anachibweretsa mu 1966, chimadya mapulaneti athunthu. Nenani mapulaneti basi, anthu amamva.

Thambo lonse pamodzi ndi nyenyezi ndi mapulaneti ake timati chilengedwe chonse. Chikachuluka, mawuwa ali m'gulu la chi-zi, ndiye tinena zilengedwe zambiri. Zimamveka zachilendo chifukwa tinazolowera chilengedwe chimodzi, koma malamulo a chiyankhulo sakuletsa. Chenjerani musasokoneze ndi zolengedwa, zomwe ndi anthu, nyama ndi zina zokhala m'chilengedwemo. Kusiyanaku ndi kumene kumaonetsa msinkhu wa adaniwa: Thanos anapha theka la zolengedwa, Galactus amadya pulaneti imodzi pa nthawi, koma Anti-Monitor wa DC, mu nthano ya 1985, ankafafaniza zilengedwe zathunthu. Mukasankha dzina loyenera, mkangano wa amene ali woopsa umayamba kuwongoka wokha. Mayina monga Earth-616, chilengedwe chachikulu cha nthano za Marvel, asiyeni momwe alili. Mawu akuti kumwamba apeweni pano, chifukwa kwa ambiri amapita ku nkhani za chipembedzo.

Funso: Darkseid amatchedwa mulungu. Ndilembe bwanji? Nanga ndizinena kuti "a Darkseid"?

Lembani ndi m wamng'ono. Chilembo chachikulu n'cha Mulungu Namalenga yekha. Jack Kirby anamupanga Darkseid mu 1970 ngati wolamulira wa pulaneti ya Apokolips, mmodzi wa milungu ya m'nthano zake. Onani mgwirizano wa mawu: mmodzi timati "mulungu woipa uja anagonja", koma ikachuluka timati "milungu yatsopano inamenyana", osati "atsopano anamenyana". Chimodzimodzi mukamutcha Galactus chimphona, pitirizani ndi chi: "chimphona chija chinafika chili ndi njala." Osayamba ndi chi n'kumaliza ndi "anafika".

Za "a Darkseid", a waulemuyo timapereka kwa anthu enieni amene tikuwalemekeza. Otchulidwa m'nthano nthawi zambiri timawatchula ndi dzina lokha, monga momwe timanenera kuti Kalulu anapusitsa Njovu. Lembani "Darkseid anakwiya", ndipo a waulemuyo musungire olemba ndi ojambula: "a Kirby anajambula."